Nandolo wa ku Ntaja, mtengo wa ku New Delhi

Lero ndikufuna tione funso limene ndimakonda kufunsa ana a Fomu 4: kodi amene amaika mtengo wa mbewu ya mlimi wa ku Ntaja kapena ku Phalula ndani? Ambiri amayankha kuti ndi venda wa sikelo uja. Ine ndimati venda ndi mthenga chabe, eni mawu ali kutsidya kwa nyanja.

Nkhaniyi ndi yakale. M'nthawi ya atsamunda, alimi a m'chigwa cha Shire ankalima thonje kuti apeze ndalama ya msonkho. Bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe linayamba ku Manchester mu 1902, linkafuna thonje lodyetsera mafakitale a ku Lancashire, ndipo mtengo unkatsata msika wa ku Liverpool. Chuma cha dziko lapansi chitagwa mu 1929, mlimi wa kuno anagwa nacho limodzi, ngakhale sanalakwe kanthu.

Titalandira ufulu, boma linakhazikitsa ADMARC mu 1971. Tisaiyeretse, chifukwa inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa, phindu n'kumapita kwina. Komabe inali ndi misika mpaka kumidzi, ndipo mlimi ankadziwa mtengo. Mu 1987, potsatira malangizo a World Bank ndi IMF, boma linalola amalonda wamba kugula mbewu, ndipo misika yambiri ya ADMARC yakumidzi inatsekedwa. Chiyembekezo chinali chakuti ogula akachuluka azipikisana, mtengo uzikwera. M'mbali mwa msewu wa tala zinatheka ndithu. Koma kumudzi kumene galimoto imafika mwa apo ndi apo, wogula amakhala mmodzi, ndipo sikelo ndi yake yomwe.

Tsopano tifike pa nandolo. Ku Machinga ndi ku Balaka nandolo ndi mbewu ya mmphawi. Safuna feteleza, amapirira ng'amba, amabzalidwa m'munda umodzi ndi chimanga, mitengo yake n'kusanduka nkhuni. Amakololedwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene ndalama ya mbewu zina yatha, ndipo ndiye amalipirira ana ambiri fizi ya temu yoyamba. Koma msika wake waukulu ndi umodzi wokha, dziko la India, kumene amamuphika ngati chipere n'kumadya tsiku ndi tsiku.

Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India. Nandolo anasowa, mtengo unakwera, ndipo kuno kwathu mu 2016 kilogalamu inadutsa K500. Alimi anaona kuti mwayi ndi umenewu, n'kuwonjezera minda. Sanadziwe kuti boma la India linali likulimbikitsanso alimi ake, omwe anakolola zochuluka zedi chaka chotsatira. Mu Ogasiti 2017, nthawi yeniyeni yokolola kuno, India analamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kuno unagwa mpaka cha m'ma K100, kwina kutsikirapo. Ife aphunzitsi tinaona zotsatira zake m'kaundula, mayina a ana osalipira fizi atachuluka.

Apa pali phunziro lina. Anzathu a ku Mozambique anali atasainirana kale mgwirizano ndi India mu Julaye 2016, pamene nduna yaikulu Narendra Modi anafika ku Maputo, choncho nandolo wawo anali ndi khomo lolowera. Malawi anasaina wake mu 2021, wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Zaka zinayi zapakatipo mlimi anazilipira yekha.

Palinso nkhani ya njira. Dziko lathu lilibe doko, ndiye katundu wathu amadalira Beira ndi Nacala. Njanji yochoka ku Nkaya m'boma la Balaka, kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970 kuti itilumikize ndi Nacala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri, katundu n'kumazungulira ku Durban ndi Dar es Salaam pa mtengo wokwera kwambiri. Nkhondo inatha mu 1992, koma mikangano ya m'njira sinathe, inangosintha nkhope. Kumapeto kwa 2023 makampani awiri, Export Trading Group ndi Royal Group, anakokerana kumakhoti ku Mozambique pa nkhani ya nandolo wopita ku India, ndipo matani ochuluka anakhala miyezi osachoka. Katundu akachedwa padoko, wamalonda saluza yekha. Amachotsera venda, venda n'kuchotsera mayi amene wasenza thumba kuchokera ku Chikweo.

Ena amati India anatichitira nkhanza. Ine sindiona choncho. Boma la India linateteza alimi ake chifukwa iwo amavota, ndipo amadziwa kukuwa zinthu zikawavuta. Funso langa ndi lakuti wathuyu amamuteteza ndani. Mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka sithandiza kwenikweni ngati palibe wogula pa mtengowo.

N'chifukwa chake ndikupempha anzanga a History, Geography ndi Agriculture kuti tisamaphunzitse zinthu izi ngati mitu yosiyana. Mwana amene akuloweza za atsamunda adziwe kuti nkhani yake ikupitirira pa sikelo ya pa Ulongwe. Ndipo inu ana anga amene muli m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, nkhani za msika wa ku India mumaziona pa intaneti miyezi ingapo makolo anu asanazimve. Imbani foni kumudzi nthawi yobzala isanakwane. Alimbikitseni alowe m'makopaletivi, azigulitsa pamodzi ndi kusunga nandolo wina wa ndiwo.

Amene muli ndi zikumbutso za 2017 kwanuko, ndilembereni. Ndikufuna tizisonkhanitse kuti ana a Fomu 4 a chaka chamawa aziwerenge m'kalasi.