Nyemba za m'nkhali ya agogo

Loweruka lapitali ndinapita pa msika wa Kapiri kukagula ndiwo. M'mabeseni munali nyemba zofiira, zamawanga ndi zoyera, mtundu uliwonse pawokha. Nditafunsa mayi wina ngati ali ndi zosakaniza, anangondiseka. Anati, "Aphunzitsi, mavenda safuna zosakaniza, ndiye tizilimiranji?" Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za agogo anga aakazi.

Agogo ankasunga mbewu ya nyemba m'nkhali yadothi, atathiramo phulusa kuopa anankafumbwe. Ukavundukula unkapezamo zakuda, zachikasu, kayera, nanyati ndi zina zimene maina ake ndinaiwala. Ndili mwana ndinkayesa ndi ulesi wosafuna kusankha. Koma iwo ankadziwa nyemba imene imacha msanga njala ikavuta mu February, imene imapsa ndi nkhuni zochepa, imene imapatsa khwanya wofewa, ndi imene imayanga bwino pa chimanga. Mvula ikachuluka zina zinkaola koma zina n'kupulumuka. Ikadula, zinkapulumuka zinanso. Pakhomo sipankasowa ndiwo.

Nyembatu ndi mlendo kuno. Makolo athu akale ankalima khobwe ndi nzama. Nyemba kwawo ndi ku America, ndipo kumeneko anthu anayamba kuzilima m'madera awiri osiyana. Za ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo zimakhala zing'onozing'ono, pamene za ku mapiri a Andes, cha ku Peru, ndi zikuluzikulu. Zinaoloka nyanja pambuyo pa chaka cha 1500 ndi zombo za Apwitikizi, monganso chimanga, mtedza ndi chinangwa, kenako amalonda anazifikitsa kumtunda kuno. Zambiri zimene timakonda ife a Malawi ndi zikuluzikulu zija za ku Andes.

M'zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku Bunda College, imene lero ili pansi pa LUANAR, anagwira ntchito ndi anzawo a ku Michigan State University pofufuza nyemba za m'midzi. Ankatola mbewu kwa alimi, n'kukazidzala mizeremizere pamalo amodzi. Kenako ankawerenga masiku amene mtundu uliwonse umatenga kuti uchite maluwa, kuchuluka kwa zitheba, kukula kwa njere, ndi mmene ukulimbanirana ndi matenda. Masiku ano amaunikanso DNA kuti adziwe mitundu imene ili pachibale. Mu 1987 Gregory Martin ndi Wayne Adams anafalitsa zimene anapeza kuchigawo chakumpoto. Anaona kuti munda umodzi umakhala ndi mitundu yambirimbiri ya nyemba, ndipo ngakhale duwa la nyemba limadzibereketsa lokha, nthawi zina tizilombo monga njuchi timanyamula mungu kuchoka pa mtundu wina kupita pa unzake. Zikatero pamabadwa nyemba yatsopano. Anne Ferguson ndi Richard Mkandawire nawo anacheza ndi alimi, ndipo anaonetsa kuti amene amazindikira nyemba zoterezi, kuzisankha ndi kuzisunga, kawirikawiri ndi amayi. Ntchito imene akatswiriwa ankalemba m'mabuku, agogo ankaichita pa lichero.

Mwina mufunsa kuti phindu lake n'chiyani. Katswiri wopanga mbewu yatsopano salenga kanthu. Amatenga mtundu wopirira ku matenda n'kuukwatitsa ndi wobereka kwambiri, ndipo ngati mitundu yosankhamo yatha, nayenso wagwira njakata. Mbewu monga Kalima ya mu 1993, Napilira ya mu 1995, Kholophethe ya mu 2002 ndi NUA 45 yoonjezera magazi ya mu 2009 zinafika kwa ife kudzera m'ntchito yotereyi, mothandizana ndi bungwe la CIAT la ku Colombia. Ndi mbewu zabwino, nanenso ndimalima Napilira. Nkhawa yanga ndi yakuti dera lonse likadzala mtundu umodzi, matenda amodzi akhoza kusesa minda yonse m'chaka chimodzi.

Nkhali ya agogo inatha mu njala ya 2002. Iwo anali atatisiya kale, ndipo azakhali amene anatsala nayo anaphika mbewu yonse kuti ana adye. Palibe angawadzudzule. Chaka chotsatira anadzala zogula pa msika, za mtundu umodzi.

Pofuna kupewa zotere, maiko amasunga mbewu m'nkhokwe zozizira. Yathu ili pa Chitedze, pomwe timadutsa tikamapita ku Lilongwe, ndipo inakhazikitsidwa mu 1992. Ya maiko a SADC ili pafupi ndi Lusaka. Mu 2008 anatsegula ina yaikulu mkati mwa phiri ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway. Phindu lake linaoneka msanga. Bungwe la ICARDA linkasunga pafupi ndi Aleppo, ku Syria, mbewu za tirigu, mphodza ndi nyemba zophwatalala zotchedwa faba, zimene anthu a ku Egypt ndi Ethiopia amadalira ngati mmene ife timadalirira zathuzi. Nkhondo itavuta, mu 2015 bungweli linakatenganso mbewu zimene linasungitsa ku Svalbard, n'kukazidzala ku Lebanon ndi ku Morocco. Koma nkhokwe imasunga zokhazo zimene wina anakatola. Nyemba imene yatha m'mudzi asanaitole, yapita basi.

Choncho ndili ndi pempho. Mukapita kumudzi pa holide, funsani agogo kapena azakhali ngati akadali ndi nyemba zachikale. Pemphani zodzaza dzanja limodzi, mulembe dzina lake, mudzi, ndi chifukwa chimene amazisungira. Ine ndi ana a fomu 3 takonza kale malo m'munda wa sukulu kuti tidzazidzale mvula ikagwa, ndipo tikakolola tidzabweza gawo kwa eni ake. Aphunzitsi a agirikacha m'sukulu zina, inunso yesani. Ndikufunitsitsa kachikasu kaja kamene agogo ankati kamapsa madzi asanathe m'mphika. Amene angakapeze andiuze.