KUCHOKERA PA GOLI KUFIKIRA PA JAKISONI

Aliyense woyenda pa mseu wa ku Zomba kuchokera ku Blantyre amaoloka mtsinje wa Namadzi, koma ndi ochepa amene amakumbukira kuti m'mbali mwa mtsinje umenewu, ku Magomero, mudabuka funso limene likutisautsabe mpaka lero: kodi mphamvu yogwira munthu ndi kummanga imalekezera pati? M'nkhani ino titsata funsoli m'mbiri ya derali ndi ya dziko lathu, poyang'ana zida zimene anthu akhala akumangira anzao.

Chida choyamba ndi goli. M'mwezi wa Julaye 1861, gulu la David Livingstone ndi Episkopi Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA lidakumana ndi mdipiti wa akapolo pamudzi wa Mbame. Lidadula magoli ndi zingwe, nkumasula anthu 84, amene adakhala maziko a mishoni ya ku Magomero. Koma pasanapite nthaŵi amishoni omwewo adatenga mfuti, namenyana ndi Ayao mpaka kutentha midzi yao, poganiza kuti akutchinjiriza Amang'anja. Zimenezi zidadzudzulidwa kwambiri kwao ku England. Mackenzie adamwalira mu Januwale 1862, ndipo chaka chomwecho mishoni idachoka ku Magomero. Tsono tikuwona kuti ngakhale wodula goli angathe kupyola muyeso akangokhulupirira kuti cholinga chake chabwino chikumlola zonse.

Chida chachiŵiri ndi chikoti. Dziko la Magomero lidasanduka munda wa kampani ya A. L. Bruce, ndipo woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone. Anthu ambiri okhala m'mundamo adali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankagwira thangata, ankamenyedwa, ndipo matchalitchi ao a mishoni ya John Chilembwe ankatenthedwa. Masiku amenewo kudalibe gulu limodzi la polisi la dziko lonse. Boma lililonse lidali ndi asikali ake osaphunzitsidwa kwenikweni, amene ntchito yao yaikulu idali kutolera msonkho wa nyumba, ndipo mwamuna akathaŵa msonkho, kaŵirikaŵiri ankagwira mkazi wake kuti akhale chikole.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adapha Livingstone ndi Azungu ena aŵiri. Pa 26 Januwale adatentha mishoni yathu ya Nguludi, navulaza kwambiri Bambo Swelsen. Kukhetsa mwazi kumeneku sitingakuyamikire. Komabe mabala a wansembe wathu asatitseke maso pa zimene boma lidachita pobwezera. Chilembwe adaomberedwa ndi asikali pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje osaimako pabwalo la milandu, ndipo manda ake adabisidwa. Anthu pafupifupi 40 adaphedwa ataweruzidwa mwachangu, ena pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende, ena adaomberedwa kuthengo, midzi idatenthedwa, ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe chidagumulidwa. Bungwe lofufuza limene lidapereka lipoti lake mu 1916 lidavomera kuti anthu a m'minda ya Bruce ankazunzidwadi. Polisi ya Nyasaland idakhazikitsidwa mu 1921, likulu lake ku Zomba, mantha a 1915 akadali m'mitima ya atsamunda, kotero kuti chiyambire idazoloŵera kulondera boma ndi minda ya Azungu koposa kuteteza munthu wa kumudzi.

Chida chachitatu ndi unyolo. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo m'bandakucha atsogoleri a Nyasaland African Congress adagwidwa m'nyumba zao. Ku Nkhata Bay asilikali adapha anthu 20 tsiku lomwelo, ndipo onse ophedwa m'masabata amenewo adakwana 51. Omangidwa adapitirira 1,300. Bungwe la Woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti anthu adamenyedwa ndi kuwatenthera nyumba mosemphana ndi lamulo, ndi kuti pa kanthaŵi kameneko dziko linkalamulidwa ndi mantha a polisi.

Chomvetsa chisoni nchakuti ufulu wa 1964 sudadule unyolowo. Lamulo losunga munthu m'ndende popanda kumzenga mlandu lidapitirira, ndipo ku Mikuyu ndi ku ndende ya Zomba akaidi ankamangidwa maunyolo kumiyendo ngati chilango. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa ndi apolisi nakaphedwa ku Mwanza, boma nkulengeza kuti adafa pa ngozi ya galimoto. Pamene Aepiskopi athu adatulutsa kalata yao ya Lenti pa 8 Malichi 1992, nadandaula za anthu osungidwa m'ndende osadziŵa tsiku la mlandu wao, apolisi adaŵaitana kukaŵapanikiza ndi mafunso, ndipo Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko.

Malamulo aakulu a 1994 adaletsa kuzunza munthu pa gawo 19, ndipo pa gawo 42 adalamula kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma kulemba lamulo nkwapafupi kuposa kusintha chizoloŵezi. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, amene ankamganizira pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala wopima thupi lake adapeza kuti adamzunza ndi magetsi, ndipo mu 2024 khoti lalikulu lidapeza apolisi 6 olakwa pa mlandu wa kupha.

Chida chachinai chikuwoneka chofatsa kuposa zonse, ndicho jakisoni. Pa 24 Ogasiti 2019, mumzinda wa Aurora ku America, apolisi adaimitsa Elijah McClain, mnyamata wakuda wa zaka 23 amene ankangobwerera kwao, namkanyanga pakhosi ndi kumpanikizira pansi. Ogwira ntchito pa ambulansi atafika adambaya mamiligalamu 500 a mankhwala ogonetsa otchedwa ketamine, mlingo wopitirira msinkhu wa thupi lake. Mtima wake udaima, ndipo adamwalira patapita masiku ochepa. Mu Disembala 2023 khoti lidapeza aŵiri a pa ambulansiwo olakwa. Atolankhani a Associated Press adaŵerenga anthu osachepera 94 amene adafa ku America pakati pa 2012 ndi 2021 atabayidwa mankhwala otere ali m'manja mwa apolisi. Chifukwa chake nchodziŵika: munthu amene walimbana mpaka kutopa, wagonekedwa chafufumimba ndipo akubanika, mankhwala ogonetsa angathe kufooketsa kapumidwe kake kotsalako, ndipo akakhala chete omgwira amayesa wagonja pamene akufa. Ketamine yemweyu amathandiza pa maopaleshoni m'zipatala zathu. Kusiyana kwake nkwakuti kuchipatala mankhwalawa amaperekedwa pofuna ubwino wa wodwala, dokotala akuyang'anira kapumidwe kake, pamene pamseu amaperekedwa kuti wogwidwayo asavutitse omgwira.

Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti kudziteteza nkololedwa, koma mphamvu yopitirira imene ikufunikira ndi yolakwa. Potsata mfundo imeneyi, wapolisi ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wogwira munthu woopsa, ndipo nthaŵi zina moyo wake womwe umakhala pangozi. Koma munthuyo akangomangidwa, chifukwa chogwiritsira ntchito mphamvu chathera pomwepo, ndipo moyo wake uli m'manja mwa boma ngati chosungitsa. Kuwonjezera apo, iye ndi woganiziridwa chabe, khoti silinampeze wolakwa.

Lamulo la polisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo limalola anthu wamba osankhidwa kuti aziyendera zitokosi. Ansembe ndi aseminale tiyenera kuŵadziŵa malamulo ameneŵa, kuŵaphunzitsa m'miphakati, ndi kuyendera omangidwa a m'maparishi athu, popeza nkhanza zambiri za m'mbiri tafotokozayi zidachitikira pamalo opanda mboni. Makolo adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.