Masiku Oyembekezera Khirisimasi kwa Chimaliro

Yense wofuna kumvetsa m'mene makolo a kwa Chimaliro, m'boma la Thyolo, ankakonzekera tsiku la kubadwa kwa Ambuye, ayambe wakumbukira kuti tsikuli, limene linadza ndi amishoni, linagwa pa nyengo yosayenera madyerero konse. Pakuti m'mwezi wa Disembala mvula imakhala itakhazikika, udzu ukulimbana ndi chimanga m'minda, nkhokwe zitayamba kuonetsa pansi, ndipo tiyi, amene amafooka m'chilimwe, ataphukira mwamphamvu kotero kuti eni esiteti ankafuna dzanja lililonse lodziwa kuthyola.

Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, nafika ku Thyolo cha m'ma 1908, chaka chomwenso njanji yodzera pa Luchenza inafika ku Blantyre. Ndipo m'kupita kwa zaka maina a Bandanga, Conforzi, Naming'omba ndi Satemwa anazolowereka pakamwa pa anthu monga maina a midzi. Alomwe ambiri, amene anaoloka malire pothawa goli la Apwitikizi, anapatsidwa pokhala pa malo a Azungu posinthana ndi thangata, ntchito yolipirira malo imene inathetsedwa mu 1962. Ndipo popeza thangata ankamufuna makamaka m'dzinja, mwamuna ankalawirira ku munda wa mwini malo, munda wake uli kulira khasu.

Chifukwa chake chikonzekero chonse chinatsamira pa amayi, ndipo kunena zoona chinawayenera, pakuti m'dziko la chikamwini nyumba ndi ya mkazi ndipo mudzi ndi wa mbumba. Mayi wochenjera sankadikira Disembala. Chimera ankakonzeratu dzuwa likadalipo: kuviika mawere kapena chimanga, kufunditsa ndi masamba a nthochi kufikira zitamera, kuyanika ndi kusinja, podziwa kuti woyanika chimera mvula itayamba amangoweta nkhungu. Tambala wa tsikulo ankasankhidwa akadali chipsolopsolo, ana nauzidwa kuti ameneyo asamugende. Kutatsala masiku awiri kapena atatu, phala linkaphikidwa mu mbiya yaikulu, likazizira pang'ono nathiramo chimera, naligoneka usiku wonse, m'mawa naliwiritsanso. Ndipo fungo la thobwa likamveka kuseri kwa nyumba iyi ndi iyo, ngakhale mwana wosadziwa kalendala ankazindikira kuti tsiku layandikira.

Kuzira nyumba ndiyo inali ntchito yoonetsa ulemu wa mkazi pamaso pa anzake. Atsikana ankatumidwa kudambo kukakumba dothi lakuda, ena kukafuna lofiira ndi loyera la m'mphepete mwa khoma. Mayi, atagwada, ankalipaka ndi chikhatho kuyambira kuchipinda kubwerera chambuyo kufikira pakhonde, ndipo likayamba kuuma nalikhuluza ndi mwala wosalala mpaka pansi panyezimira. Tsoka kwa mwana woponda pozira pasanaume! Amuna, akaweruka, ankaphimba podontha padenga, kulambula njira yolowera m'mudzi ndi kuwaza nkhuni. Ndipo nkhunizo zinkafunika zambiri ndithu pakhomo pophika kalongonda, amene Mlomwe weniweni sangamusiye pa tsiku lalikulu, koma amene amawira tsiku lathunthu, madzi akutayidwa kangapo, asanakhale woti munthu n'kudya osaledzera naye.

Zogula zinali zochepa, koma zinkadya malipiro a mwezi wonse: mpunga, umene ana ambiri ankaulawa tsiku limeneli lokha, shuga, mchere, palafini, ndi nsalu za ku sitolo za Amwenye, kumene telala wa pakhonde ankapalasa makina ake mpaka mdima, akulonjeza aliyense kuti malaya atha mawa. Sitolo zimenezi zinachoka m'midzi m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuti azichitira malonda m'mizinda.

Koma chachikulu pa zonse chinali kudikira apaulendo. Dziko la Thyolo, lodzala anthu ndi lochepa minda, linatumiza ana ake ambiri ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena paokha, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, kufikira ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown mu 1974, boma niliimitsa ulendowo. Anyamata ankapita pa siteshoni ya Luchenza kukachingamira sitima, nabwera atasenza bokosi lachitsulo, mwini wake akutsatira pambuyo atavala jekete ndi chipewa, akuyankha moni wa mudzi uliwonse. Ndipo madzulo bokosilo linkatsegulidwa pamaso pa apongozi, bulangete likupita uku, mpango uko, mwadongosolo lake, chifukwa kulakwitsa pogawa kunali kuputa mlandu. Amene sanabwere chaka ndi chaka ankatchedwa mtchona, komabe amake sankaleka kufunsa obwerawo ngati anamuonako, popeza chibale ndi fupa, sichiola. Malume, mwini mbumba, ankapezerapo mwayi woitanitsa abale osayankhulana kuti akambe za malire a munda kapena ngongole yakale, ponena kuti anthu osungirana mangawa sangapisire m'mbale imodzi pa tsiku la Mwana wa Mulungu.

Si onse ankasunga tsikuli mofanana. Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist, umene wakhala ku Malamulo kuyambira 1902, ambiri sankaliyesa tsiku lopatulika. Koma sindikhulupirira kuti ana awo ankabwezedwa pakhomo pamene pankaphikidwa mpunga.

Lero nyumba zamalata zachuluka, ndipo zina n'zasimenti zosafunanso kuzira. A ku Johannesburg amabwera pa basi kudzera ku Mwanza, ena amangotumiza ndalama pa foni kuti mayi akagule mpunga ndi mafuta pa msika wa Goliati. Tiyi yekha ndiye sanasinthe nyengo yake: wothyola amapuma pa 25 Disembala, ndipo phwando likangotha amaberekanso dengu lake kubwerera m'mizere, kumene masamba aphukira kale kudikira sikelo ya kapitawo.