$(shell ...) mu Makefile

Iyi ndi njira imene GNU Make imatumira lamulo kwa shell n'kusunga yankho lake kuti ligwiritsidwe ntchito pomanga pulogalamu. Make yoyamba anailemba Stuart Feldman ku Bell Labs mu 1976.

Mukalemba VERSION := $(shell git describe), pulogalamu yomangidwayo imatha kunyamula chizindikiro cha commit imene inachokera. Make imasandutsa malire a mizere kukhala mipata, ndipo malire akumapeto imawataya. Imatola zotuluka pa stdout zokha. Mauthenga a zolakwika amangoonekera pa sikirini.

Ambiri amakodwa pa kusiyana kwa = ndi :=. Ndi =, lamulo limayendetsedwanso nthawi iliyonse dzina ngati VERSION likatchulidwa, choncho $(shell date) ingapereke nthawi ziwiri zosiyana pa kumanga kumodzi. Ndi :=, limayenda kamodzi basi.

Nthawi payokha ndi msamphanso: kompyuta ya ku City Centre ku Lilongwe imakhala patsogolo ndi maola 2 pa seva yotsata UTC, n'chifukwa chake date -u ndiyo yodalirika. Lamulo likalephera Make siima, koma kuyambira GNU Make 4.2 ya mu 2016, kulepherako mumakudziwira mu .SHELLSTATUS.