Uzimba wa Chimbalangondo ku Mississippi

Ambiri a ife chimbalangondo tinangochimva m'Buku Lopatulika, pamene Davide anali kuuza Mfumu Sauli za zilombo zimene zinkagwira nkhosa za atate wake. Kwathu kuno kulibe nyama imeneyi. Koma ku Amereka ziliko za mitundu ingapo, ndipo chofala koposa ndicho chakuda. Chimenechi chimadya zipatso, mizu, uchi ndi tizilombo, chimakwera m'mitengo, ndipo kawirikawiri chimathawa munthu. Koma agalu akachipanikiza chimaopsa kwambiri.

Kalelo m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi munali nkhalango ndi mabango owirira, momwe zimbalangondo zinkaswana. Mlenje wotchuka wa kumeneko anali Holt Collier, munthu wakuda amene anabadwa ali kapolo. Iye anaphunzira mfuti akali mwana, namasakira mbuye wake nyama, ndipo anthu amati pa moyo wake anapha zimbalangondo zoposa 3,000. Kasakidwe kake kanali kotere: agalu ankalondola fungo ndi kupirikitsa chilombo m'mabangomo, ndipo mwini mfuti ankamuimika pa mkwaso pamene chilombocho chidzatulukira. Aliyense amene anapitapo ku uzimba adziwa kuti nzeru yeniyeni ili pa kudziwa mkwasowo. Kuwomba mfuti n'kwa aliyense.

M'mwezi wa Novembala 1902 Bwanamkubwa wa Mississippi, Andrew Longino, anaitana Mtsogoleri wa dziko lonse la United States, Theodore Roosevelt, kuti adzasake. Misasa anaimanga pafupi ndi mudzi wa Onward, ndipo Collier ndiye anatsogolera uzimbawo. Lamulo linali lakuti chimbalangondo choyamba chikhale cha mlendo wamkuluyo, wina asachiwombere.

Tsono Collier anaimika Roosevelt pamalo oyenera, iye nalowa m'mabango ndi agalu ake. Mlendo uja anadikira nthawi yaitali, ndipo atatopa anabwerera kumsasa kukadya. Atangochoka, chimbalangondo chinatulukira pomwe paja! Agalu anachipanikiza m'thamanda, icho chinapha galu mmodzi ndi kugwira mnzake. Taganizani, owerenga, vuto la mlenjeyo: mfuti ili m'manja, agalu ake ali kutha, koma kuwomba n'koletsedwa. Iye analowa m'madzimo, nachikantha pamutu ndi mfuti ija ngati chibonga, nachiponyera chingwe m'khosi, nachimangirira kumtengo. Atatero anaitanitsa mlendo.

Roosevelt atafika ndi kuona chilombo chomangidwa, chofooka ndi mabala, anakana kuchiwombera, chifukwa kupha nyama yomangidwa si ulenje. Apa mpamene nkhani imakonda kupotoka. Ambiri amasimba ngati kuti chimbalangondocho chinamasulidwa, koma sizinatero ayi. Roosevelt analamula kuti achitsirize kuti chisavutikenso, ndipo anachipha ndi mpeni. Anakana manyazi a mlenje. Moyo wa nyamayo sanaupulumutse.

Pa 16 Novembala nyuzipepala ya Washington Post inasindikiza chithunzi cha nkhaniyi chojambulidwa ndi Clifford Berryman. Ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, Morris Michtom ndi mkazi wake Rose, amene anali ndi kasitolo ka masiwiti, anasoka kachimbalangondo kansalu, nakatchula dzina losereula la Mtsogoleriyo, lakuti Teddy. Ndicho chiyambi cha dzina la chidole chija ana amagona nacho m'mayiko ambiri. Dzina la amene analowa m'madzi silinamveke kutali chotero, ngakhale Roosevelt mwini wake anamlemekeza, nasaka nayenso ku Louisiana mu 1907. Collier anamwalira ku Greenville mu 1936.

Pamene iye ankamwalira, zimbalangondo zinali zitatsala pang'ono kutheratu ku Mississippi. Mfuti inachita mbali yake, koma nkhwangwa inaposa, pakuti nkhalango ndi mabango aja anazigwetsa kuti alimepo thonje. Boma la Mississippi linaletsa kusaka zimbalangondo mu 1932. Mu 1992 boma la United States linaika chimbalangondo cha chigawo chimenecho m'gulu la nyama zotetezedwa, ndipo zitachulukanso linachichotsamo mu 2016. Mu 2004 nkhalango ina yosungiramo nyama ku Mississippi anaitcha dzina la Holt Collier.