Mayi Halima Daud ndi Mapiri a Dowa

Ife a m'mbali mwa nyanja timakumbukira Dowa ngati dziko la fodya, la gule wamkulu ndi la mishoni ya Mvera, imene a Dutch Reformed anaikhazikitsa mu 1889. Asilamu kumeneko ndi ochepa. Komabe anthu a kum'mwera chakum'mawa kwa bomalo anasankha Mayi Halima Daud kukhala phungu wawo.

Mu ulamuliro wa Mayi Joyce Banda, iwo anali wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo, kenaka mu 2013 nduna yoona za chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Bomalo litachoka mu 2014, ambiri ankati zawo zatha. Mu 2019 anapambana pa chisankho kudzera m'chipani cha MCP. Mu 2020 anakhala wachiwiri kwa nduna ya maboma aang'ono, ndipo mu 2023 anabwerera ku zaumoyo kolera ali kusautsa madoko athu.

Amene anawavotera sanayambe afunsa kumene amaswali. Nanga ife, tikamachotsa mwana wamkazi pasukulu kuti akwatiwe msanga, tikuti adzatiyankhulire ndani ku Nyumba ya Malamulo?