Chikuni chowaza chiyakiranji msanga? Phunziro la Chemistry m'mbali mwa Chilwa

Mwa mitu ya Chemistry imene ophunzira amakumana nayo pokonzekera mayeso a MSCE muli wa liwiro limene zinthu zimasinthira zikakhudzana n'kupanga zinthu zatsopano. Mabuku amautcha rate of reaction. Chimodzi mwa zofulumizitsa kusinthaku ndi surface area, kutanthauza kukula kwa mbali za chinthu cholimba zimene zili poyera.

Mfundo yake ndi yaifupi. Asidi kapena mpweya umakhudza kunja kokha kwa chinthu, ndipo zam'kati zimadikira mpaka zakunja zitadyeka. Mwala wa mbali zisanu ndi imodzi, wotalika sentimita imodzi mbali zonse, uli ndi masikweya sentimita 6 poyera. Ukadulidwa m'tizidutswa 8 tofanana, malowo amafika 12. Ukasanduka timiyala 1,000 ta milimita imodzi, amafika 60. Kulemera sikunasinthe, koma malo amene asidi angagunde achuluka kakhumi.

Mwana wa ku Swang'oma, doko la asodzi kumbali ya Phalombe ya Nyanja ya Chilwa, amaona zimenezi asanalowe m'kalasi. Owamba milamba ndi makumba amayatsira moto tinkhuni towaza, pakuti chipika chathunthu chimanyeka pang'onopang'ono. Kuyaka ndi kusintha kwenikweni kwa chikemikolo: mtengo ukukumana ndi okosijeni, ndipo kuwaza kumatsegulira mpweyawo malo ambiri.

Apa mphunzitsi ayenera kusamala, chifukwa si chitsanzo chilichonse cha kunyanja chimene chikugwirizana ndi mutuwu. Matemba oyanikidwa motalikirana amauma msanga kuposa ounjikidwa. Nyanjanso, poti ndi yotambalala, yosazama ndiponso yopanda mtsinje wotulukamo, imataya madzi ambiri ndi dzuwa, ndipo mvula itachepa inaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018. Kukula kwa malo apoyera kukugwira ntchito pamenepa, koma madzi angosanduka nthunzi, akadali madzi. Wophunzira wolemba za kuyanika matemba pa funso lofuna kusintha kwa chikemikolo wayankha funso lina. N'chimodzimodzinso kusungunuka kwa shuga mu tiyi.

M'labotale, kuyesa kodziwika n'koika timiyala ta marble, timene ndi calcium carbonate, mu hydrochloric acid wosukuluka, n'kumayeza mpweya wa carbon dioxide umene ukutuluka. Sukulu yopanda zipangizozi ili ndi pogwira. Zigoba za mazira ndi za nkhono nazonso ndi calcium carbonate, ndipo viniga wa m'golosale ndi asidi wofooka. Zigoba zigawidwe pawiri mofanana kulemera, zina zisiyidwe zibenthuzibenthu, zina zisinjidwe mpaka ufa. Mabotolo awiri ofanana athiridwe viniga wofanana, zigoba zilowe nthawi imodzi, ndipo pakamwa pa botolo lililonse pavekedwe baluni. Botolo la ufa limachita thovu nthawi yomweyo ndipo baluni yake imayamba kufufuma inzake idakali lende.

Ambiri amalekera pomwepa, koma phunziro lenileni lili kumapeto. Viniga akakhala wokwanira kudya zigoba zonse, mabaluni awiriwo amadzafanana kukula, ngakhale la zibenthu lingatenge tsiku lathunthu. Kusinja kwasintha liwiro lokha, osati kuchuluka kwa mpweya wotuluka. Pa girafu, mzere wa ufa umakwera mothamanga n'kugona msanga, wa zibenthu umakwera mwaulesi, koma yonse imakathera pa msinkhu umodzi.

Mfundo yomweyi ndiyo imachititsa kuti laimu wothira m'munda agulitsidwe ali ufa, kuti achepetse msanga asidi wa m'nthaka. Ili ndi ngozi yakenso. Fumbi la ufa likadzaza m'mwamba m'chigayo chotsekeka, kamoto kakang'ono kangaliyatse lonse nthawi imodzi. Mu 1878 chigayo cha tirigu cha Washburn A, mumzinda wa Minneapolis ku America, chinaphulika motero ndipo anthu 18 anafa.